Kugwa kwa ba Muleya pa Tsiku la Mgonero

Ku Dambwa North anthu ankawadziwa ba Fanwell Muleya ndi mayendedwe awo. Msewu wa kwawo ndi wamchenga, ndipo mwezi wa Okutobala mphepo ikawomba fumbi limalowa mpaka m'mano, koma iwo ankatuluka pageti m'mawa shati ili mbee, nsapato zikunyezimira, mutu uli m'mwamba. Makondakitala a minibasi ankawasungira mpando wakutsogolo popanda kuuzidwa, poopa kuti kumbuyo angadetsedwe ndi matumba a makala ndi mabeseni a kapenta.

Anabadwira ku Mukuni, m'banja la osema ziboliboli zogulitsa kwa alendo odzaona mathithi, koma ntchito yosemayo siinawalowe m'manja. Ali mnyamata anabwera m'tauni nayamba kutsuka mbale pa loji ina m'mphepete mwa Zambezi, ndipo anakhala pomwepo mpaka imvi zinayamba kutuluka. Pofika nthawi ya nkhani ino anali wamkulu wa operekera zakudya. Ankatha kunyamula thireyi ya matambula odzaza n'kudutsa nayo bwalo lonse, apusi akulumpha m'mitengo kufuna kuba shuga, osataya ngakhale dontho. Ongoyamba ntchito ankaphunzira kwa iwo kaimidwe, kapindidwe ka nsalu zapatebulo, ndi kumwetulira ngakhale mlendo akukalipa popanda chifukwa.

Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Tsiku la Mgonero wa Ambuye ndi iwo ankanyamula thireyi ya timakapu ta vinyo, ndipo akulu anzawo sankalimbirana nawo ntchitoyi, chifukwa palibe ankaigwira bwino kuposa iwo. Kunyumba anali ndi akazi awo ba Namukolo, mayi wa mtundu wa Alozi wolankhula mosapsatira amene ankaweta nkhuku kuseri kwa nyumba, ndi mwana wawo mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Choolwe, amene ankaphunzitsa ana aang'ono pa sukulu ina m'tauni. Sanali munthu wankhanza ba Muleya. Koma uve sankaupirira. Munthu akabwera kutchalitchi ndi shati yosasita, kapena mwana akasanza pa benchi, nkhope yawo inkasintha, ndipo aliyense ankaona.

Zaka zingapo m'mbuyomo, minibasi imene anakwera inagubuduka pa msewu wa ku mathithi, iwo n'kumenyetsa mutu pachitsulo. Anawasoka, chilonda chinapola, nkhani n'kuiwalika. Patapita nthawi yaitali kunayamba zachilendo. Ankamva fungo la mphira wopsa pamene panalibe moto. Nthawi zina ankangoti zii mawu ali pakamwa, maso ali tong'o, milomo ikutafuna kanthu kosaoneka.

"Batate ba Choolwe, mwapita kuti?" ba Namukolo ankafunsa, akuwagwedeza paphewa.

"Nili pano. Ni kulema chabe."

"Kulema kwabwanji uku? Tiyeni kuchipatala."

"Bamake Choolwe, nakuuzani ni kulema."

Tsiku la Mgonero la mwezi wa Novembala kunatentha koopsa. Mitambo inali itasonkhana koma mvula osagwa, ndipo amayi ankadzikupiza ndi timapepala. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Abusa, ba Kasuba, atadalitsa chikho, ba Muleya ananyamula thireyi yawo nayamba kuyenda pakati pa mabenchi, kwaya ikuimba chapansipansi. Asanapite patali anamva fungo lija la mphira. Anafuna kuika thireyi pansi, koma manja sanawamvere.

Chimene anazindikira pambuyo pake ndi kuzizira kwa simenti patsaya. Atatsegula maso anaona timakapu tili mbwee pansi pa mabenchi, vinyo atayenderera mpaka pa nsapato za anthu. M'kamwa munali magazi chifukwa anadziluma lilime. Kwaya inali itasiya kuimba. Anthu anali atabwerera m'mbuyo, kuwasiya okha pakati, ndipo amayi ena anali atatseka ana awo pamphuno, popeza ambiri amakhulupirira kuti matenda akugwa amapatsirana. Kumbuyo kwa anthuwo wina anali atakweza foni akujambula. Kenaka ba Muleya anamva kunyowa. Anayang'ana thalauzi lawo lotuwa naona kuti lada kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, ndipo sanali vinyo.

Ba Namukolo anakankha anthu, namasula chitenje chawo cha chigwirizano cha amayi n'kuwafunditsa amuna awo. Ba Kasuba ndi mkulu wina anawadzutsa. Potuluka pakhomo lam'mbali ba Muleya anacheuka, naona ba Mutinta, mayi wachikulire amene amasesa m'tchalitchimo, atagwada ndi ndowa ndi chiguduli pamalo pamene iwo anagona. Mwa zonse za tsikulo, chimenechi ndicho chinawakhala m'mutu.

Kuchipatala anawajambula mutu. Dokotala anati ndi matenda a khunyu, ochokera pa chipsera cha ngozi ija. Anawapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku ndi tsiku, nawauza kuti anthu ambiri ali ndi matendawa ndipo amakhala bwinobwino. Ba Muleya sanamve zambiri. Ankangoyang'ana pansi.

Kuntchito anabwererako, koma posakhalitsa anagwanso m'khitchini, pafupi ndi chiwaya cha mafuta otentha. Manijala anawaitana, nawalankhula mwaulemu kwambiri, nawathokoza chifukwa cha zaka zonse zija, nati ndi bwino akapume. Anatuluka pageti la antchito dzuwa lili paliwombo, atanyamula jumbo ya zovala zawo. Mlonda amene kale ankawalonjera mokweza anangochita ngati akumanga chingwe cha nsapato.

Kuyambira pamenepo anadzitsekera m'nyumba. Helikopita zonyamula alendo zinkadutsa pamwamba pa Dambwa kupita ku mathithi, iwo ali gone pabedi kumvetsera. Ba Kasuba anabwera kangapo. Akangomva galimoto ya abusa, ba Muleya ankathawira kuchipinda n'kukhoma chitseko, ndipo ankamva akazi awo akuwanamira kuti agona. Abusa ankapemphera pabalaza mokweza dala kuti mawu adutse chitsekocho, iwo n'kudziphimba mutu ndi pilo.

Zinthu zazing'ono ndi zimene zinkawalasa kwambiri. Tsiku lina atakhala pabedi anamva kulira kwa pulasitiki pansi pa nsalu, nazindikira kuti ba Namukolo anayalapo osawauza. Anangokhala pampando tsiku lonse osadya. Tsiku lina analimba mtima n'kupita kwa oyandikana nawo kukabwereka sipanala. Mayi wa pakhomopo anawapatsa madzi akumwa mwaulemu, koma potuluka ba Muleya anamuona akunyamula kapuyo ndi nsonga za zala n'kukaiponya kudzala. Ana a mumsewu nawo anayambitsa masewera atsopano. Mmodzi ankayenda mutu uli m'mwamba atanyamula chivundikiro cha poto, kenaka n'kudzigwetsa mumchenga akuphupha, anzake akufa ndi phwete. Ba Muleya anawaonera pa mpata wa katani mpaka masewera anatha.

Chopweteka koposa chinali cha Choolwe. Panali mnyamata wina, Shawn, woyendetsa boti la alendo pa Zambezi, amene akwawo anali atayamba kale kukambirana za ukwati wake ndi Choolwe. Nkhoswe yawo inabwera tsiku lina Loweruka, inazungulira ndi nkhani za mvula ndi kuzimazima kwa magetsi, kenaka n'kufunsa ngati matendawa ndi a kumtundu. Ba Namukolo anafotokoza za ngozi ya minibasi. Nkhosweyo inavomera ndi mutu, inatsanzika, ndipo siinabwerenso. Choolwe sanalire pamaso pa bambo ake. Ankalirira kubafa, atatsegula mpopi kuti asamveke, koma nyumbayo ndi yaing'ono.

Kupemphera anasiya. Sikuti anakana zoti Mulungu aliko. Ankangomuchitira manyazi ndi mkwiyo nthawi imodzi. Mumtima ankati, mukanandigwetsera mumsewu, kapena kubafa, kapena kuntchito komwe, koma m'nyumba mwanu, nditanyamula chikho chanu? Ndipo akakumbukira kuti vinyo wodalitsidwa uja anasakanikirana ndi mkodzo wawo pa simenti paja, ankaona kuti anadetsa chinthu chopatulika, ndipo munthu wotere sayenera kutchulanso dzina la Mulungu pakamwa. Baibulo lawo analiika pamwamba pa wodiropu.

Mlongo wawo wamkulu, ba Agatha, amene amagulitsa ziboliboli pamsika wa alendo m'tauni, sanakhutire ndi zonena za dokotala.

"Fanwell, aya si matenda ya chipatala," anatero. "Kwathu kulibe munthu anagwapo. Pali wamene anakuchita, cifukwa ca nchito ija. Kuli prophet ku Maramba, bantu bapola. Tiye."

Ba Namukolo anakana kwamtuwagalu. Koma tsiku lina iwo atapita kukagula chakudya cha nkhuku, ba Muleya anavala chipewa chobisa nkhope natsatira mlongo wawo.

Mneneriyo ankapempheretsa mu tenti yaikulu, masipika akugunda mpaka pachifuwa. Ba Muleya ankaganiza kuti mneneriyo awaonera pambali. Koma anawakokera kutsogolo, kamera ili pankhope, anthu mazanamazana akuyang'ana.

"Bantu ba Mulungu, onani!" mneneri anafuula pa maikolofoni. "Uyu ni elder wa chechi! Elder wamene anazikodzela pa guwa! Batate, tiuzeni, munadya chani kuti munkale boss pa nchito? Munayenda kwa ndani?"

"Sininayende kwa munthu," ba Muleya anayankha chapansipansi.

"Mwamvela? Ni chibanda chikamba!"

Mneneri anawakankha pachipumi. Iwo anaima nji, chifukwa chinthu chimene ankachiopa kuposa imfa chinali kugwanso pamaso pa anthu. Anawakankhanso, ndipo amuna awiri kumbuyo anawakoka m'mapewa mpaka anagwa chagada pafumbi, anthu akukuwa ndi kuwomba m'manja. Atadzuka anawabweretsera ndowa imene munali kale mapiritsi a anthu ena, nawauza kuti amene wamasulidwa safunanso mankhwala. Ba Muleya anatulutsa kabotolo kawo m'thumba nakaponyamo. Ankafunitsitsa kukhalanso munthu woyera, moti akanawauza kuti adye mchengawo akanadya.

Sipanapite masiku ambiri. M'mawa wina ali pabwalo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mbaula imene ba Namukolo anaterekapo madzi, matenda anawagwira mwamphamvu kuposa kale lonse. Mkono wawo unagwera pa makala. Atatsitsimuka anamva fungo la khungu lawo lomwe, ndipo akazi awo anali atawagwira mutu pamiyendo, nkhuku zikulira m'khola.

Atabwerako kuchipatala, mkono uli m'bandeji, ba Namukolo anatseka chitseko naima patsogolo pawo.

"Mankwala yali kuti?"

Ba Muleya anayang'ana bandeji yawo.

"Nafunsa, mankwala yali kuti?"

"Ninataya. Ku Maramba."

Ba Namukolo anakhala pansi pang'onopang'ono. Polankhula sanakweze mawu.

"Batate ba Choolwe, ine nimachapa, nimayanika, nimanama kwa abusa ati mwagona. Sininadandaulepo. Matenda sinimayopa. Koma iyi nsoni yanu ndiye izatisiliza tonse mu nyumba muno. Ngati mufuna kufa nayo, muniuze, nizibe."

Mawu amenewa, onena za manyazi awo, anawatentha kuposa makala aja. Mapiritsi anayambanso kumwa, koma m'nyumbamo munakhala zii kwa masiku ambiri.

Chilondacho chinkafunika kutsukidwa pafupipafupi ku kiliniki. Ba Muleya ankapita m'mamawa n'kukhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili m'maso. Tsiku lina munthu anakhala pafupi nawo, pafupi kwenikweni mpaka mapewa kugundana. Anali ba Mutinta, osesa m'tchalitchi aja, atabwera kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi. Ba Muleya anafuna kudzuka, koma mayiyo anawalonjera.

"Ba elder, mwauka bwanji?"

"Musaniitane elder."

"Nanga nikuitaneni ndani?"

Ba Muleya anayankhula akuyang'ana simenti.

"Ba Mutinta, munikhululukile. Pa vamene munapukuta siku ija."

Mayiyo anapukusa mutu. "Ba Muleya, ine nalela bana na bazukulu. Bamuna banga ninabasamalila pa mphasa mpaka kumwalila. Manzi ya munthu siyaniyofya. Chamene chimanivuta ni china." Anakonza duku lake. "Pamene munagwa, ine nenze pafupi na imwe, pa benchi yamene ija. Ninathaba. Ninagwila chitenge pa mphuno, nabwelela kumbuyo monga bonse. Mutu wanu unali kumenya pa simenti, ine nili chabe kuyangana. Ndowa ija ninatenga cifukwa ca nsoni, kuti manja yanga yapezeko chochita. Ndine niyenela kupempha kuti munikhululukile."

Ba Muleya anatembenuka n'kuwayang'ana kumaso, koyamba kuyang'ana munthu kumaso chichitikireni zija. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti mayiyu akawakumbukira amanyansidwa. Sanaganizepo kuti munthu wina angakhale atasenza manyazi a tsiku lomwelo.

"Simuli mweka," ba Mutinta anapitiriza. "Benangu baseka, ni zoona. Koma bambili sitiziba poyambila kubwela kwanu. Tinakusiyani pansi." Namwino anaitana dzina lawo, ndipo podzuka anawonjeza kuti, "Pa Chitatu kuseni nimapyanga mu chechi. Sikumankala munthu. Chitseko chimankala chosegula."

Lachitatu loyamba ba Muleya anafika pageti la tchalitchi n'kubwerera. Lotsatira analowa, nakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Ba Mutinta anangowagwedezera mutu n'kupitiriza kusesa. Ba Muleya sanapemphere. Anangokhala, akumva tsache likukwecha pansi, nkhunda zikuyenda pamalata, sitima ikulira kutali cha kusiteshoni. Tchalitchi chopanda anthu anali asanachionepo bwino. Nthawi zonse ankalowamo ali ndi ntchito, akuyang'ana ngati nsalu ya patebulo yalunjika, ngati ana akhala chete. Anabwerera Lachitatu lina, ndi linanso, koma maso awo ankapewa malo amodzi pakati pa mabenchi.

Mvula itatha, m'mawa wina wozizira, ba Mutinta anatuluka kukatentha masamba kuseri. Ba Muleya anadzuka nayenda pang'onopang'ono mpaka pamalo paja. Panalibe banga lililonse. Inali simenti wamba, yopakidwa polishi wofiira ngati pena paliponse. Anagwada. Kenaka, osadziwa chifukwa chake, anagona chammbali, tsaya pa simenti, monga mmene anagonera tsiku lija. Kuchokera pansipo ankaona miyendo ya mabenchi ndi chingamu chimene ana anamata kunsi kwake.

Ali chigonere anayamba kulankhula, osati ndi mawu okonzedwa bwino amene ankapemphera nawo kutsogolo kwa mpingo, koma mmene munthu amalankhulira akatopa. Anamuuza Mulungu za thalauzi, za pulasitiki, za kapu yotayidwa kudzala, za Choolwe kubafa, za ndowa ya ku Maramba. Anamufunsa kuti, "Munali kuti? Nanunso munabwerera m'mbuyo?"

Sanamve mawu aliwonse, ndipo sanaone chilichonse. Koma ali pomwepo anakumbukira nkhani imene iwo eni anaiwerengera mpingo zaka zambiri nyengo ya Pasaka, ya mmene Ambuye Yesu anavulidwira zovala anthu akuona, kulavuliridwa, kusekedwa, anzake atathawa. Ankaiwerenga ndi mawu abwino, tayi ili pakhosi, osaganizapo kuti munthu ameneyo anali ndi thukuta, magazi ndi fumbi pathupi, ndipo kuti anthu ankatseka ana awo m'maso podutsa. Tsopano anaona kuti Ambuye ameneyu pansi amapadziwa. Ngati panali wina amene sanabwerere m'mbuyo tsiku lija, kupatula akazi awo, anali Iyeyo. Anamva monga mmene wodwala amamvera akatsegula maso n'kupeza kuti wina wakhala pambali pa bedi nthawi yonseyi, osalankhula. Analira mokweza, mamina ndi misozi pa polishi wa ba Mutinta, ndipo sanasamale kuti wina angalowe.

Atafika kunyumba anapeza ba Namukolo akutsuka zomwera nkhuku. Anavula jekete, nakwinya manja a shati, nagwada pambali pawo kuwathandiza. Akazi awo anawayang'ana modabwa, chifukwa m'khola la nkhuku bamboyo anali asanapondemo.

"Bamake Choolwe," anatero patapita kanthawi, "zaka zonse izi nenze kusebenzela Mulungu monga mlendo wa pa loji. Kunyamula bwino, kuika pa tebulo, kubwelela kumbuyo, kuimilila patali. Sininankalepo naye pansi. Nenze kuganiza ati afuna chabe munthu wa shati yoyela."

"Manje?"

"Manje nankala naye pansi. Lelo."

Ba Namukolo anapitiriza kutsuka, misozi ikugwera m'beseni. Madzulo a tsikulo, asanadye, ba Muleya anatsitsa Baibulo pa wodiropu, napukuta fumbi, napempha mkazi ndi mwana wawo kuti awakhululukire. Anapemphera atatu, mawu ochepa.

Panapita milungu ingapo asanalimbe mtima kupita Lamulungu. Anapempha ba Kasuba kuti awapatse mpata pang'ono nthawi ya zolengeza. Ataima kutsogolo anagwirira tebulo. Anthu ambiri anazyolika.

"Abale, munaniona," anatero. "Palibe chobisa. Nili na matenda ya khunyu. Si chibanda, si mankwala ya munthu, ndipo siyayambukila. Nimamwa mapilisi, koma ningagwe futi, kapena muno mwamene. Nikagwa, musathabe. Munichotsele mabenchi pafupi, muike chovala pansi pa mutu, munigoneke cha m'mbali. Musaike sipuni mukamwa. Vizasila veka. Nikauka nizankala na nsoni maningi, ndiye munthu umozi chabe anigwile kwanja."

Ba Muleya atakhala pansi, ba Kasuba anaimirira. Kenaka anauza mpingo kuti iwonso, abusa, tsiku lija anaima ngati chitsa osadziwa chochita, ndipo akhala akudziimba mlandu. Si onse anasintha. Banja lina linasamuka pa benchi imene ba Muleya anakhala, ndipo mpaka lero limakhala mbali ina. Koma potuluka anthu ambiri anabwera kudzawagwira dzanja.

Mgonero wotsatira abusa anawafunsa ngati angafune kunyamulanso thireyi. Anakana, poti sakanafuna kuika mpingo pa nkhawa. Anakhala pa benchi pakati pa ba Namukolo ndi Choolwe, mkulu wina wamng'ono kwa iwo nawabweretsera kakapu, vinyo akutayikira pang'ono m'mbali. Ba Muleya analandira ndi manja awiri namwa.

Sanachire. Mapiritsi amamwabe m'mawa ndi madzulo, ndipo chipsera cha makala chili pamkono. Ukwati wa Choolwe ndi Shawn unatheratu. Mtsikanayo amati ndi bwino anawadziwa msanga anthuwo, koma bambo ake akamuona akusita zovala za kuntchito yekha Lamulungu madzulo, mtima umawawawabe. Ba Agatha sanasiye kukhulupirira kuti pali amene anawachita, ndipo akakumana nkhani imeneyi amaidumpha. Ntchito yawo tsopano ndi nkhuku. Amadzuka kusanatenthe, amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi Baibulo, nthawi zina kuwerenga, nthawi zina kungokhala chete pamaso pa Mulungu, kenaka n'kukatolera mazira okagulitsa m'mashopu a ku Dambwa. Mwa apo ndi apo pamabwera munthu pageti, kawirikawiri mayi, n'kunong'ona kuti kunyumba ali ndi mwana amene amagwa, ndipo amubisa kwa zaka. Ba Muleya amavala nsapato n'kuwaperekeza ku kiliniki.

Chaka chatha, nyengo yotentha, anagwa pamsika wa Maramba akugula chakudya cha nkhuku. Atatsitsimuka anali pafumbi pakati pa anthu osawadziwa, thalauzi litanyowa, ena akuseka, wina akufuula kuti waledzera. Manyazi anabwera onse monga kale, otentha kumaso ndi m'makutu. Anatseka maso nanena chamumtima kuti, "Ambuye, muli pano. Khalani nane." Anagona choncho mpaka mpweya unabwerera bwino. Mayi wina wogulitsa tomato anawapatsa madzi ndi chitenje chakale. Anathokoza, anadzimanga chitenjecho m'chiuno, nakhala pa kreti kudikira kuti mutu uleke kuzungulira. Kenaka anapita kwa wogulitsa uja, nanyamula thumba lawo la chakudya cha nkhuku, chifukwa nkhukuzo zinali zisanadye, nakakwera minibasi ya ku Dambwa.